Ulendo wa ku Maputo pa holide ya Seputembala: zokambirana pagulupu la Amalawi a ku Gauteng

Tiyamike, Randburg: Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa amene munafikako ku Maputo. Pa 24 Seputembala kuno ndi holide, ndipo abwana andiwonjezera masiku ena awiri. Mnzanga wa kusukulu wabwera kuchokera ku Zomba kudzaoda katundu wa geni, ndiye tikufuna tikaone nyanja ya mchere asanabwerere. Ndalama ndi zochepa, aliyense asapitirire R3,000. Zingatheke? Tikwere chiyani, tikagone kuti?

Bambo a Chisomo, Germiston: Taswera achemwali. Za basi ndi zogona zibwera. Muyambe mwatiuza za mapepala. Inu muli ndi chiyani, mnzanuyo ali ndi chiyani?

Tiyamike: Ine pemiti yanga ya ntchito ikutha chaka chamawa. Mnzangayo analowera pa Beitbridge pa 10 mwezi uno, anamudindira masiku 30.

Bambo a Chisomo: Anaima yekha pa windo podinditsa, kapena pasipoti anapatsira munthu wina?

Tiyamike: Anatsika basi nkuima pamzere yekha. Amabwera kawirikawiri, zoterezi amazidziwa.

Bambo a Chisomo: Ndiye zili bwino. Pasipoti ya Malawi sifuna viza polowa ku Mozambique, mungoonetsetsa kuti nonse mapasipoti anu atsala ndi miyezi yoposa 6 komanso muli masamba osadinda. Koma mnzanuyo adziwe chinthu chimodzi. Asaganize kuti pobwerera kuchokera ku Maputo amupatsa masiku 30 atsopano. Nthawi zambiri munthu akangotuluka kupita dziko loyandikana nalo nkubwerera, amamupatsa masiku amene anatsala pa chidindo choyamba. Akangomudindira pa Lebombo, boda ya kuno ndi Mozambique, ayang'ane deti limene alemba asanachoke pa windo, ndipo tikiti yake yobwerera kumudzi ikhale mkati mwa masiku amenewo. Akakhala nayo kale tikitiyo m'manja ndiye bwino kwambiri, chifukwa amatha kufunsa.

Yamikani, Tembisa: Asisi nditengeni nanenso. Masiku anga anatha mu Meyi koma anyamata akuti pa Lebombo sizivuta ngati pa Beitbridge.

Bambo a Chisomo: Yamikani mwana wanga, anyamata amenewo sadzakulipirira lendi ukadzakanizidwa kubwerera. Kutuluka utuluka ndithu, palibe adzakugwire dzanja. Nkhani ili pobwerera. Kuyambira mu 2014 lamulo la kuno linasintha, sakulipiritsanso faini pa boda ngati kale. Ukapitirira masiku osaposa 30 amakuletsa kulowa kwa chaka chimodzi. Ukabwereza mkati mwa miyezi 24, zaka 2. Ukapitirira masiku oposa 30, zaka 5. Iwe kuchokera mu Meyi uli pa zaka 5. Amakupatsa pepala pomwepo ndipo dzina limalowa mu kompyuta, kompyutayo ndi imodzi pa Lebombo, pa Beitbridge ngakhale pa OR Tambo. Ndiye ukhala ku Ressano Garcia, mbali ya Mozambique ya bodayo, ndi kachikwama ka zovala za masiku atatu, katundu wako yense ali ku Tembisa, ntchito ili ku Tembisa. Kudandaula kuti akuchotsere chiletso kumatheka polembera a Home Affairs, koma umakhala uli kunja kale ndipo yankho silibwera msanga.

Yamikani: Ayi ndamva ankolo. Ndikhala.

Bambo a Chisomo: Ndiwonjezere ziwiri chifukwa pagulupu pano tilipo ambiri. Amene mumatumiza pasipoti kuti akakudindireni inu muli pa ntchito, musayese ulendo ngati uwu. Chidindo chikakhala kuti mulibe mu kompyuta, mlandu wake ndi waukulu kuposa kutha masiku. Amene muli ndi pepala la asylum, mukatuluka m'dziko muno popanda chilolezo pepalalo limafera pomwepo.

A Gondwe, dalaivala wa thiraki: Za msewu ndiyankhe ine, N4 ndi kwathu. Kuchokera ku Joni mpaka Maputo ndi makilomita pafupifupi 550, kudzera eMalahleni, Mbombela, Komatipoort, kenako boda. Mbali ya kuno ndi Lebombo, mbali yawo ndi Ressano Garcia, ndipo kuchokera pamenepo kwatsala makilomita 90 okha. Kwerani basi yaikulu pa Park Station, Intercape imayenda msewu umenewu. Mataxi aliponso koma amadikira kudzaza, ndipo inu masiku ndi ochepa. Tengani ya usiku popita. Mugona m'basi, ndalama ya chipinda ya usiku umodzi yapulumuka, kukucha muli pa boda. Tikiti gulani sabata ino, holide ikayandikira mitengo imakwera.

Tiyamike: Pa boda pamatenga nthawi yaitali bwanji?

A Gondwe: Zimatengera tsiku. Tsiku wamba ola limodzi mwadutsa. Pa holide anzathu a ku Mozambique ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu amabwerera kwawo onse nthawi imodzi, mzere umatalika. Mumatsika basi, kudinditsa kotuluka, kuyenda pansi pang'ono, kudinditsa kolowa, basi imakudikirani kutsogolo. Lowezani nkhope ya munthu mmodzi wa m'basi mwanu ndipo muzimutsatira. Pamakhala anyamata ambiri odzipereka kuti akuthandizeni kudumpha mzere. Pasipoti musapatse wina aliyense kupatula amene ali kuseri kwa windo. Mukalandira, tsegulani muone kuti chidindo chilimo.

Nabanda, Pretoria: Ine ndinapita ndi mnzanga wa kutchalitchi chaka chatha, R3,000 ikwana koma mukagwira m'manja. Basi yopita ndi kubwera inandidyera pafupifupi R1,300. Chimene chimadabwitsa anthu ndi chogona, Maputo si mzinda wotchipa. Ife tinapeza chipinda chimodzi cha mabedi awiri pa loji yaing'ono cha ku Avenida 24 de Julho, nkugawana mtengo, aliyense kuzungulira R400 pa usiku. Mausiku awiri R800. Ndiye yatsala R900 ya kudya ndi kuyendera. M'ma backpackers muli mabedi a m'chipinda cha anthu ambiri otsikirapo mtengo, koma kwa anthu awiri kusiyana kwake ndi kochepa, bola chipinda chanu chokhoma. Sungitsani malo musananyamuke ndipo dzina la loji ndi msewu wake mulembe papepala, chifukwa pa boda amatha kufunsa kumene mukukafikira, komanso foni imatha kukhala yopanda netiweki nthawi imene mukuifuna.

Tiyamike: Zikomo mayi. Ndalama ndisinthe kuti?

Nabanda: Nthawi imene ndinapita randi imodzi inkagula ma meticais pafupifupi atatu ndi theka, muone mtengo wa tsikulo pa foni musanasinthe. Pa boda osintha pamanja alipo ambiri. Ngati mukusintha pamenepo, ikhale yochepa yongokwerera ndi kugula madzi, muwerenge kawiri musanapereke yanu. Yambiri musinthe m'tauni pa casa de câmbio, shopu yosinthira ndalama, kapena mutape pa ATM kamodzi kokha ndalama yokwanira, chifukwa kutapa kulikonse banki imadula. Musanachoke lowani pa app ya banki mutsegule khadi kuti igwire ntchito kunja.

A Gondwe: Mukumbukire kuti pa 25 Seputembala ku Mozambique ndi holide, tsiku la asilikali, lokumbukira kuyamba kwa nkhondo yomenyera ufulu mu 1964. Mabanki amatseka. Zosintha ndalama mumalize tsiku limene mwafika.

Nabanda: Eya, a Gondwe anena zoona. Tsopano mundilole ndinene nkhani imene anthu sakonda kuinena. Tiyamike, mukhale pansi ndi mnzanuyo musanagule tikiti, mukambirane za ndalama momasuka. Iye ndalama imene ali nayo ndi mpamba wa geni, ya makwacha amene wavutika kuwasintha. Inu mwezi ukatha mulandiranso. Mukakafika kumene kuli nsomba ndi nkhanu inu mudzafuna kuitanitsa, iye adzachita manyazi kukana, adzadya akuwerengera mumtima katundu amene walephera kuoda. Ife tinachita chonchi: aliyense anaponya ndalama yofanana m'kachikwama kamodzi ka chogona, kudya ndi mayendedwe. Chimene munthu wachifuna payekha, chitenje kaya mphatso ya ana, amatulutsa m'thumba mwake. Ngati mukufuna kumuchitira zabwino, nenani kuchokera kuno kuti nsomba za Lamlungu ndilipira ine. Akadziwiratu amadya ndi mtima umodzi.

Tiyamike: Apa ndiye mwandithandiza kwambiri. Ndi munthu wosadandaula, akanangokhala chete.

Esnart, Kempton Park: Zodya musaope, xima ndi nsima yomweyi. Matapa ndi chigwada chotendera koma amathiramo kokonati, nthawi zina ndi nkhanu, muyese ndithu. M'mawa gulani pão ndi badjia pamsewu, buledi wawo ndi timakeke ta nyemba tokazinga, ndalama yochepa koma mufika nayo masana. Nkhuku ya piri-piri m'malo odyera ang'onoang'ono a m'misewu ya m'mbali ndi yotsika mtengo kuposa ya pa Avenida Julius Nyerere, kumene kumadya azungu ndi a m'maofesi a akazembe. Madzi akumwa gulani a m'botolo.

Nabanda: Ku Mercado do Peixe, msika wa nsomba wa m'mbali mwa nyanja pa msewu wa Marginal, pitani kamodzi kokha ndipo muchenjere. Mumagula nsomba kapena nkhanu zaziwisi pa kilo, kenako mumapereka kwa ophika a panja kuti akuotchereni. Mitengo ndi iwiri, wa nsomba ndi wophikitsa. Gwirizanani yonse iwiri musanakhale pampando, mufunsenso ngati mpunga, tchipisi ndi saladi zili momwemo. Sikelo muziiyang'ana ndi maso anu. Kilo imodzi ikukwanirani awiri.

Yamikani: Mukutipweteka ife otsala.

A Mbewe, Soweto: Mwana wanga Tiyamike, zambiri zoona m'tauni ya kumunsi, imene amati Baixa, ndi zaulere kapena za ndalama yochepa, ndipo zonse mufika wapansi. Siteshoni ya sitima ya CFM ndi nyumba yokongola ya zaka zoposa 100, mkati muli malo osungirako zakale za njanji. Pafupi pali Fortaleza, linga la Apwitikizi, ndi msika wa Mercado Central kumene mungagule korosho. Mukakwera mtunda mupeza Casa de Ferro, nyumba ya chitsulo chokhachokha ya m'ma 1890, munda wa Tunduru, tchalitchi chachikulu choyera, ndi chiboliboli cha Samora Machel, pulezidenti woyamba wa Mozambique, pa Praça da Independência. Pamenepo muimepo pang'ono. Ndege yake inagwa pa 19 Okutobala 1986 ku Mbuzini, mbali ya kuno, kufupi ndi kumene mudzadutse, akuchokera ku msonkhano ku Zambia. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire. Zaka zimenezo nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique ili mkati anthu ankangowoloka msewu ndi mitolo pamutu, Malawi inasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi mpaka pamene anasainirana mtendere ku Rome mu 1992. Ena tinaphunzira nawo, ena anakwatira m'midzi mwathu. Mukanena kuti ndinu a ku Malawi mudzakumana ndi wina wa ku Tete kapena ku Niassa amene adzakuyankheni m'Chinyanja.

Tiyamike: Zikomo agogo, ndikaimapo. Nanga mlatho uja timauona pa Facebook?

A Gondwe: Wa Maputo-Katembe, anautsegulira mu Novembala 2018. Mukwere chapa yowoloka kupita ku Katembe madzulo, mzinda wonse umaoneka bwino kuchokera tsidya. Chapa ndi minibasi, mtengo wake m'tauni sufika R10, koma imadzaza zedi, foni ikhale mkati mwa chikwama cha kutsogolo. Mukafuna kutsika mumakuwa kuti paragem. Txopela ndi njinga yamoto ya mawilo atatu, mtengo mugwirizane musanakwere. Usiku musayende pansi m'mbali mwa nyanja kapena m'misewu ya mdima ya ku Baixa.

Bambo a Chisomo: Pasipoti muziyenda nayo m'tauni, apolisi amatha kuimitsa mlendo nkuifunsa. Muijambulenso pa foni ndi kutumiza kwa m'bale. Musajambule apolisi, asilikali kapena nyumba za boma, makamaka cha ku Ponta Vermelha kumene kuli nyumba ya pulezidenti. Komanso masiku awiri musananyamuke mumvere nkhani. Zisankho za Okutobala 2024 zitatha kunali zionetsero, ndipo Lebombo inatsekedwa kangapo. Kukakhala phokoso, tikiti ndi yosintha deti.

Esnart: Ine ndimagwira ntchito yosamalira odwala ndiye ndinene za malungo. Ku Joni kulibe malungo, ndipo amene takhala kuno zaka thupi linaiwala kulimbana nawo. Tiyamike, inu muli pangozi kuposa mnzanu wa ku Zomba. Pitani ku famase mufunse mankhwala oteteza, mugule odzola othamangitsa udzudzu, mufunse ngati chipinda chili ndi neti. Chachikulu ndi ichi: mukabwerako nkumva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'thupi patatha sabata imodzi kapena iwiri, ngakhale mwezi, musati ndi chimfine. Pitani ku kiliniki tsiku lomwelo ndipo munene nokha kuti munali ku Mozambique, akuyezeni magazi. Kuno sayamba aganiza za malungo ngati simunawauze.

Tiyamike: Ndalemba zonse. Nanga kusambira? Mnzanga wagula kale zovala zosambirira.

Nabanda: Madzi a pa Costa do Sol ndi oderako chifukwa cha mitsinje yothira m'menemo, anthu amapitako kukakhala, kudya nkhuku yootcha ndi kumvera nyimbo, makamaka Lamlungu. Madzi oyera ali ku chilumba cha Inhaca kapena ku Ponta do Ouro, koma pa masiku anu ndi ndalama yanu zimenezo zidya tsiku lathunthu ndi ndalama ya nsomba ija. Ine ndikanasiya za ulendo wina. Aviike miyendo pa Costa do Sol, ajambulitse, zovalazo akasambire nazo ku Mangochi.

Tiyamike: Wamva, akuseka. Tagwirizana za kachikwama kamodzi, ndipo nsomba ndilipira ine. Matikiti ndigula mawa ndikaweruka. Simukhadi ndigule ya kumeneko kapena ndingotsegula roaming?

A Gondwe: Gulani imodzi ya Vodacom kapena Movitel pa shopu yawo m'tauni, amafuna pasipoti polembetsa. Imodzi yomweyo mugawane intaneti nonse awiri. Pa foni yanu ya kuno zimitsani data mukangodutsa Komatipoort.