Kusiyana kwa "bellicose" ndi "belligerent"

Wophunzira wa ku Namwera: Akuluakulu, ndikukonzekera mayeso a MSCE, ndipo m'nyuzipepala ndapeza mawu a Chingerezi akuti "bellicose" ndi "belligerent". Kodi amatanthauza chinthu chimodzi?

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay: Mwanawe, onsewa anachokera ku liwu la Chilatini lakuti "bellum", kutanthauza nkhondo, koma "bellicose" amanena za munthu wokonda ndewu, amene amalankhula moopseza ngakhale nkhondoyo isanayambe, pamene "belligerent" kwenikweni ndi amene walowa kale m'nkhondo.

Mayi wa ku Malindi: Aphunzitsi, ndiwonjezereko kuti m'Mapangano a ku Hague a 1907, amene mayiko anagwirizana pa malamulo a nkhondo, mayiko omenyana amatchedwa "belligerents". Komabe m'zolankhula za tsiku ndi tsiku, ngakhale chidakwa choputa anzake pamsika amachinena ndi liwu lomweli.