Tape drive ya LTO-5 yakale, ndigule kapena ndisiye?

Chiko_Joni: Akuluakulu ndipatseni nzeru. Pali munthu kuno ku Johannesburg akugulitsa tape drive (makina olemba ndi kuwerenga data pa tepi) ya mtundu wa LTO-5 ndi matepi 6 pa R2,500. Paja ndayamba kuphunzira COBOL, chilankhulo cholembera mapulogalamu, nde ndimafuna ndizionera ndekha mmene mainframe, kompyuta yaikulu ngati za m'mabanki zija, imawerengera tepi. Ndigule?

Mkulu_wa_JCL: Aphwanga sungani ndalama zanuzo. Ine mainframe ndagwira nayo ntchito ku banki ina kwa zaka, pulogalamu ya COBOL sidziwa ngati file ya sequential (yowerengedwa motsatana kuyambira koyamba) ili pa tepi kapena pa disk, iyo yake ndi OPEN, READ, READ mpaka AT END basi. Amene amaloza komwe kuli file ndi JCL, malangizo ouza mainframe mmene iyendetsere pulogalamu, pa mzere wa DD wofotokoza file paja mumalemba DSN (dzina la file) ndi DISP (chochita nayo), ikakhala tepi muonjezera UNIT ndi VOL=SER zoloza makina ndi tepi yake. Mukasintha DD yomweyo pulogalamu iwerenga pa disk osagwira code olo pang'ono. Chomwe mukusakacho chili mu JCL

Chiko_Joni: Nde palibe kusiyana eti?

Mkulu_wa_JCL: Kulipo. Tepi ili ngati kaseti ya wailesi ija timabweza ndi bolopeni, mukafuna nyimbo yomaliza mudikira izungulire. Pa disk mukakhala ndi VSAM KSDS, file yokhala ndi index, mumangopereka key nkudumphira pa record yomweyo. Nchifukwa chake master file ya pa tepi sitimaikonza pomwepo, umawerenga yakale ndi ma transaction osanjidwa kale nkulemba tepi yatsopano

NaPhiri: Koma achimwene musamufooketse mwanayu. Tepi imodzi ya LTO-5 imalowa 1.5TB, 6 nde 9TB, hard drive ya 9TB muipeza pa R2,500 kuti? Ndipo kuyambira LTO-5 kuli LTFS, njira yopangitsa tepi kuoneka ngati folder wamba. Ine ma video a maukwati a makasitomala anapita onse hard drive itagwa pa tebulo, mpaka pano mtima umawawa. Tepi ukaika mu kabati ngakhale ransomware siifikako

Dala265: kkkk asisi mwaiwala kuti chinthucho sicholowetsa pa USB. Chimafuna SAS card, kadi yoika mkati mwa kompyuta yolumikizira drive, ndi chingwe chake, pa laputopu iwalani. Komanso head yake yatha bwanji simukudziwa, ikafa mutsala ndi matepi opanda chowerengera

NaPhiri: Apo pokha ndavomera

Mkulu_wa_JCL: Backup ndi nkhani ina mayi, iyeyu wati kuphunzira. Aike Hercules, pulogalamu yaulere yoyerekeza mainframe pa kompyuta wamba, pamodzi ndi MVS 3.8j, operating system yakale ya IBM yobwera mu phukusi la TK5, tepi imangokhala file ya .aws koma mount message (uthenga woti muike tepi) ndi ma label zimabwera ngati zenizeni. Aseweretse BLKSIZE, kukula kwa block (mulu wa ma record olembedwa pamodzi), aone. Kale pa ma reel a 9-track pakati pa block ndi block pamatsala mpata wopanda kanthu, nde ukalemba record imodziimodzi ya 80 bytes tepi yambiri imathera mipata. 80 ameneyo anachokera ku ma punched card. Pa disk ya mainframe ya IBM 3390 track imodzi ndi 56,664 bytes, nchifukwa mumaona BLKSIZE ya 27920 paliponse, ma record 349 a 80 bytes pa block, ma block awiri pa track. Ndipotu masiku ano ma mainframe ambiri tepi yake ndi virtual, ma IBM TS7700, kuseri kwake ndi ma disk omwewo

Chiko_Joni: Eeeh nde ndikanagula chinthu choti olo MVS yangayo sikuchifuna

Dala265: Mufunseni wogulitsayo ngati SAS card ndi cleaning tape akupereka limodzi, akati eya muwagulire a NaPhiri

NaPhiri: Shuwa mufunseni aChiko, ndipo ayambe wailemba tepi imodzi mpaka kudzadza inu mukuona. Ndalama ya basi yobwera nayo kuno ndilipira ine