Ka vape kaja ndakatsegula

Anzanga, sabata yatha ndinafunsa kuti ka vape (ndudu yamagetsi), kochepa ngati chala, kamadziwa bwanji kuti munthu wakoka mpweya pomwe kalibe batani. Dzulo kasitomala wina anasiya kakufa pabenchi yanga yokonzera mafoni pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndiye ndinakatsegula.

Kumunsi kwake kuli kanthu kozungulira konga maikolofoni ya foni. Imeneyo ndiye sensa ya mpweya: ukakoka, imayatsa koyilo, kawaya kamene kamatentha n'kusandutsa timadzi ta mu vape kukhala nthunzi. Chandigwira mtima n'chakuti malo akachepa, opanga amapatsa chinthu chimodzi ntchito ziwiri. M'mavape ena, kutentha amakuyeza ndi koyilo yomweyo, chifukwa waya wa nickel ukamatentha resistance yake (mmene umakanizira magetsi kudutsa) imakwera, moti sensa ina yapadera safunanso.

Batire yake ndi ya lithium. Chonde musamataye pamoto wa zinyalala pomwe ana amasewera, imaphulika.