Kasitomala akukana inside cabin, dipoziti atalipira kale

ToursLimbe: Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndili ndi banja longokwatirana kumene, ulendo wa pa sitima ya pamadzi (cruise) wa mu Januwale wochokera ku Durban kupita ku Portuguese Island, chilumba cha ku Mozambique. Tinagwirizana inside cabin, chipinda cha m'kati chopanda windo, dipoziti inalowa. Dzulo mayi aona zithunzi za balcony (chipinda chokhala ndi khonde loyang'ana kunyanja) pa Facebook, lero akuti sangagone m'chipinda chopanda windo ngati m'nkhokwe. Balcony yomwe yatsala bambo sangaikwanitse, za forex mukuzidziwa. Final payment ndi Lachisanu. Ndiwauze chiyani?

MayiArea3: Achimwene, auzeni zoona basi. Ulendo waufupi ngati umenewo, m'chipinda amangolowamo kukasamba ndi kugona. Buffet, ma show, pool, zonse n'chimodzimodzi ndi wa balcony. Ndalama yotsalayo igwire tikiti ya Joni kupita ku Durban, hotela usiku umodzi asanakwere, ndi service charge (ndalama yothokozera ogwira ntchito m'sitima) imene aliyense amaiiwala. Ine ndinagonamo. Ukazimitsa magetsi ndi mdima wa ndiwe yani, tulo take mpaka ndinaphonya kadzutsa. Auzeni atchere alamu.

MdalaWaTicketing: Nambala ya cabin muli nayo, kapena ndi guarantee, yomwe a sitima amasankha okha chipinda?

ToursLimbe: Guarantee, akulu. Ndiyo inali yotsika mtengo.

MdalaWaTicketing: Ndiye vuto lanu si windo ayi. Guarantee amakuponyani pomwe patsala. Ine ndinatumiza abusa ndi amayi, anawaika pansi penipeni pa disko. Ankandiimbira usiku uliwonse, mpaka lero tikakumana moni wake ndi wa patali. Tsegulani deck plan, mapu a zipinda za m'sitima, muone kuti pamwamba ndi pansi pali ma cabin okhaokha.

Chemwali_Mzuzu: Ubwino wina osauiwala: inside ya pakati pa sitima, deck ya m'munsi, sigwedezeka kwambiri ngati za kutsogolo ndi za m'mwamba. Januwale ndi nyengo ya namondwe m'nyanja ya Mozambique. Funsani ngati mayiwo amasanza pa Ilala kapena m'basi ya pa Chikangawa. Muwachenjezenso kuti pa chilumbapo amatsika ndi timaboti, nyanja ikakalipa satsika. Musalonjeze gombe.

MdalaWaTicketing: Za pakati pa sitimazo n'zoona, koma pa guarantee mungasankhe bwanji? Onjezerani pang'ono, mutenge nambala.

MayiArea3: Tamva, akulu. Koma ToursLimbe, fufuzani bwino. Ngati mayiwo akungofuna zithunzi, pa deck ya pamwamba dzuwa likamalowa adzajambula mpaka foni kudzaza. Ngati amabanika m'malo otsekeka, musawanyengerere. Ndinakakamizapo mtsikana wina, usiku wonse anakhala pa mpando ku reception atafunda chitenje. Ndinachita manyazi kwambiri. Zikatero funsani oceanview, ya windo, ngakhale ya obstructed yomwe windo lake ndi lotchingika, bola kuwala kuzilowa.

Chemwali_Mzuzu: Sitima zambiri zili ndi tchanelo cha kamera ya kutsogolo pa TV, ena amachisiya choyatsa kuti azidziwa ngati kwacha. Komanso mwaona mapasipoti awo? Mkwatibwi wanga wina tinamulemba dzina la mwamuna pomwe pasipoti inali ya dzina la kwawo. Kusintha kwake ndinalipira ndekha.

MdalaWaTicketing: Za mayina ndi nkhani ina. Ine ndikuti nambala ya cabin. Lachisanu lisanafike imbani, mufunse ngati angakuchotseni pa guarantee.

Chemwali_Mzuzu: Pajatu, alipo amene wakwanitsa kutumiza ma randi kudzera ku banki sabata ino? Yanga yakhala masiku asanu ndi anayi.