Kodi "mphini yobwereza ndiyo imawala" ikukhudzanso kubwereza Fomu 4?

Abale anga a kuno ku Johannesburg ndi inu a kumudzi, tandimasulirani mwambi uwu, chifukwa wandisowetsa tulo.

Mwana wa mlongo wanga ku Dedza mtima wake uli pa usilikali chiyambire ali wamng'ono. Galimoto ya asilikali ikamadutsa pamsewu wa M1 ankaima njo, dzanja lili pachipumi. Zotsatira za MSCE zitatuluka, masamu ndi zaulimi anakhoza bwino, koma Chingerezi anapeza 9. Inu amene munalembapo mayeso a MANEB mukudziwa kuti ukalakwa Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale kwinako uli ndi makirediti. Tsono a MDF akamalemba asilikali atsopano amafuna MSCE, komanso zaka zoyambira 18 kulekeza 24. Iye ali ndi 21. Ku MAFCO, sukulu ya asilikali ku Salima, sakapondako opanda pepalalo, kaya liwiro lake ndi la gwape.

Lamulungu ndinaimbira amayi pa WhatsApp kuwafotokozera. Iwo anangoti, "Mumuuze abwereze, mphini yobwereza ndiyo imawala." Ndinavomera mwaulemu, koma foni itaduka ndinayamba kudzifunsa ngati ndamvetsadi.

Mphini ndimazidziwa. Agogo anga aakazi anali nazo m'masaya, timizere titatu mbali iliyonse, takuda bii, ndipo akamaseka tinkapindika pamodzi ndi makwinya. Ankatiuza kuti anawatema ndi lumo ali namwali n'kupakamo makala. Palinso mphini za kwa asing'anga, zotemera mankhwala pamene pakupweteka. Nanga mwambiwu ukunena ziti? Ngati ndi zokongoletsa, ndiye kuti kutema kachiwiri pamalo omwewo ndi kumene kumachititsa kuti mzere uoneke bwino, ululu wake n'kuupirira. Apo ndiye zikugwirizana ndi mnyamata wobwerera m'kalasi anzake atapita patsogolo. Koma liwu loti "imawala" likundizunguza, poti mphiniyo ndi yakuda.

Bambo wina wa ku Mangochi amene timagwira naye ntchito ku Mayfair wanditsutsa. Akuti mwambiwu ndi wa mawu: mkulu akamalangiza mwana amabwereza zomwezomwezo kuti zikhazikike m'mutu, za mayeso sizikulowamo. Mwina akunena zoona, ndiwo akulu kwa ine.

Pa za sukuluzo ine sindikudandaula ndi lamulo la asilikali. M'nthawi ya King's African Rifles, gulu la asilikali la atsamunda, ankayang'ana kwambiri mphamvu ndi thanzi la munthu. Lero asilikali athu akhala akupita ku DRC pansi pa UN kuyambira 2013, pamodzi ndi a ku South Africa ndi Tanzania. Kumeneko munthu ayenera kuwerenga mapu, kumva malamulo pa wailesi, kulemba lipoti. Wosamva Chingerezi angaphetse anzake.

Chimene chikundiwawa ndi uthenga wake wadzulo: "A malume, ingonditumizirani ya basi ndibwere ku Joni, sukulu yandikana." Ine ndawaona anyamata otsika pa Park Station ndi kachikwama kamodzi, opanda pepala lililonse, ndipo sindikufuna mphwangayu akhale mmodzi wa iwo. Fizi ya chaka chino ndilipira ndine, zaka zikumulolabe.

Ndikufuna ndimuyankhe ndi mwambi wa agogo akewu, koma ndisaupotoze. Inu amene munakulira pafupi ndi akuluakulu, kwanuko ankaunena pa nkhani zotani? Ndipo kuwala kwa mphiniko n'kutani?