Kodi "creic" ndi kugula kapena kugulitsa?

Abale amene muli kuno ku Scotland, makamaka amene munalawako Chigaeliki, chiyankhulo chamakolo cha kuno, ndithandizeni. Mawu awa andisowetsa tulo.

M'kalasi lathu la madzulo la Chigaeliki ku Glasgow anatiphunzitsa kuti kugulitsa ndi "reic", kugula ndi "ceannaich". Ndinalemba m'kope, nkhani n'kutha. Ndiye Loweruka lapitali ndinali kwa agogo ena ochokera kuzilumba, amene ndimawathandiza tintchito ta pakhomo. Anandionetsa chithunzi cha boti la malemu amuna awo, chala chili pagalasi, n'kunena kuti analigulitsa mwamunayo atamwalira. Koma mawu amene anatuluka ndi "creic". Ndinawafunsa kawiri, iwo n'kubwereza momveka bwino.

Chandizunguza mutu n'chakuti m'Chiairishi chakale, kholo la Chigaeliki, munali mawu awiri: "renaid", kugulitsa, ndi "crenaid", kugula. "Reic" anachokera ku oyambawo, "creic" ku achiwiriwo. Nanga zinatheka bwanji kuti mawu a wogula apezeke m'kamwa mwa wogulitsa?

Woyamba kuyankha:
Achemwali, agogowo sanaphonye, ndipo musayerekeze kuwakonza. M'madera ena a ku Scotland "creic" ndi kugulitsa ndithu. Mmene ndikuonera ine, "ceannaich" atalanda ntchito yonse ya kugula, "creic" anatsala opanda chochita, n'kutsamira kwa "reic" poti amamveka mofanana. Ifenso kugula ndi kugulitsa n'za tsinde limodzi, ndipo tikati "malonda" sitisankha mbali. Ku Wales, m'bale wake wa "crenaid" ndi "prynu", ndipo mpaka lero akutanthauza kugula.

Wachiwiri:
Ine chimene chimandikoma ndi cha ku Ireland. Kumeneko kugulitsa ambiri amati "díol", mawu amene amatanthauzanso kulipira. "Reic" alipo, koma amanenanso za kulengeza kapena kulakatula pagulu. Kale mlakatuli akapeka ndakatulo yotamanda mfumu, ankaipereka kwa munthu wina wotchedwa "reacaire" kuti aiyankhule pabwalo, woimba zeze wawo wa nsambo zambiri ali pambali. Wolakatula ndi wogulitsa dzina limodzi! Ndikaganiza za mnyamata woitanira makasitomala pa kaunjika, mawu ali pamwamba, sindidabwa.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse. Loweruka ndikawafunsa agogo ngati amayi awo ankanenanso "creic", komanso ngati "reic" anayamba kumumva kwawo kapena atafika ku Glasgow.