Maswiti oyamwa amathandizadi pa zilonda za m'kamwa?

Mphunzitsi wa ku Chinamwali:
Abale, ndithandizeni nzeru. Lero ndi tsiku lachinayi ndili ndi kachilonda m'kati mwa mlomo wam'munsi, koyera pakati, m'mbali mofiira. Kukula kwake sikaposa njere ya mphodza, koma ululu wake ndi wosaneneka. Ndimaphunzitsa Sitandade 3, ndiye tsiku lonse ndi kukweza mawu, ndipo mlomo ukangokhudza dzino misozi imalengeza. Dzulo ndinaphika matemba a ku Chilwa othira tomato, ndinangodya mbamu ziwiri n'kusamba m'manja.

Lachiwiri nditaweruka ndinatsikira m'tauni n'kugula Strepsils. Ndikamayamwa m'kamwa mumamveka bwino, koma akangosungunuka ululu uja wabweranso. Kodi alipo maswiti ena opangidwira zilonda zimenezi, kapena ndikungotaya ndalama? Tizilonda timeneti timandituluka kawirikawiri, makamaka nthawi yochonga mayeso.

Wogulitsa mankhwala, Zomba:
Pepani aphunzitsi. Strepsils wamba anapangidwira zilonda za pakhosi. Muli mankhwala opha tizilombo, koma mulibe ochititsa dzanzi, n'chifukwa chake mukungomva bwino kwa kanthawi basi. Mukapitanso musatchule dzina la paketi, funsani zomwe zili m'katimo. Nenani kuti mukufuna oyamwa okhala ndi benzydamine, amene amachepetsa ululu ndi kutupa (ena amabwera ndi dzina loti Andolex kapena Difflam), kapena okhala ndi lidocaine, amene amachititsa dzanzi.

Kayamwidwe kakenso n'kofunika. Anthu ambiri amangotafuna ngati chiponde. Siwitiyo muikeni mbali ya chilondacho asungunuke yekha pang'onopang'ono, ndipo musamwe madzi nthawi yomweyo. M'kamwa mukachita dzanzi dikirani kaye musanamwe tiyi wotentha, mungapse kapena kudziluma osadziwa. Musapyole mlingo wolembedwa pa paketi.

Koma ndinene zoona, ngakhale ndimagulitsa: maswitiwa sapoletsa chilonda, amangokupatsani mpata woti mudye ndi kuphunzitsa. Kachilonda ngati kanuko kamapola kokha pakati pa masiku 7 ndi 14. Ndipo popeza n'kamodzi, ka pamlomo pofikirika ndi chala, mankhwala opaka ngati Bonjela angakuthandizeni kuposa siwiti, chifukwa amakhala pamalo pomwepo. Koma ameneyu ndi wa akuluakulu, osapatsa mwana wosakwana zaka 16. Maswitinso musapatse ana osakwana zaka 6, angatsamwe nawo.

Agogo a ku Matawale:
Mwanawe, mchere uli m'nyumbamo usaunyoze. Theka la kasupuni ka tiyi mu kapu ya madzi ofunda, vumata, chukucha, lavula. Katatu kapena kanayi pa tsiku. Poyamba pamaluma koma pambuyo pake pamaphwa. Matembawo uyambe wawasiya, minga zake ndi zimene zikukanda pachilondapo. Tsabola wa kambuzi, chinanazi ndi mandimu, zonsezo pumira kaye. Phala losatentha kwambiri, nthochi, mazira, basi. Ine ndili ndi shuga, ndiye maswiti amenewo ndikagula ndimafunsa opanda shuga.

Bambo a ku Sadzi:
Ine changa n'chimodzi: musadzayerekeze kuika Aspirin pachilondapo. Mnzanga wa kuntchito anandilangiza kuti ndiphwanye piritsi n'kupaka. Ndinagona nalo m'tsaya, podzuka malo onse anali atayera ngati apsa ndi madzi otentha, khungu likusupuka. Kachilonda kamodzi kanasanduka bala lalikulu, sabata yonse ndinkangomwa thobwa, nalonso movutika.

Namwino wopuma pantchito, Mpondabwino:
Achemwali, zonse anena anzathuwa n'zoona, koma ine mawu amene andigwira ndi akuti timakutulukani kawirikawiri. Kutopa ndi nkhawa zimachititsadi, ndipo nthawi ya mayeso aphunzitsi sagona. Komanso tizilonda tobwerezabwereza nthawi zina timasonyeza kuchepa kwa magazi, kapena kusowa kwa ayironi, folic acid kapena vitamini B12 m'thupi. Kuyezetsa magazi sikutenga tsiku lonse. Mukapita yezetsaninso HIV, monga timalangizira aliyense amene zilonda za m'kamwa sizikumuchoka, si kuti ndikukuganizirani zina ayi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi maswiti ochititsa dzanziwa n'chakuti munthu amasiya kumva ululu n'kumaganiza kuti wachira. Ndinaonapo bambo wina wosuta fodya amene anakhala miyezi akungoyamwa timaswiti, pofika kwa ife bala la palilime litauma m'mbali. Chilonda chikapyola masabata atatu osapola, kapena chikukula, chikutuluka magazi, kapena mwatentha thupi, pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba akakuoneni, ngakhale chisakupwetekeni. Ndipo mukaona zoyera ngati chambiko zitayala palilime, amenewo ndi matenda ena, siwiti sangachite kanthu, amafuna mankhwala ake monga nystatin.

Mphunzitsi wa ku Chinamwali:
Zikomo kwambiri nonse. Agogo, madzi a mchere ndayamba madzulo ano, aluma ndithu koma ndadya phala bwinobwino. Mayina aja ndawalemba kuseri kwa kope la sikimu, mawa ndikafunsa wa benzydamine ndi wopaka uja. Amayi a ku Mpondabwino, mwandikumbutsa kuti teremu yonseyi ndikumachita chizungulire ndikaima nthawi yaitali pa bolodi. Lachisanu ndipempha ahedi andimasule m'mawa ndikayezetse magazi.